Dzina Loitanidwa pa Sikelo

Mervin, kalaliki wa pa shedi yogulira tiyi, anaitana dzina la a Zakeyu Namakhwa, naitananso, koma dengu silinasunthe. Linali pamapazi a Fainess, mkazi wa a Zakeyuwo, lodzaza ndi masamba anthete a m'mawa womwewo. Mwini wake anangoima chilili, manja m'chiuno, ngati dzinalo ndi la munthu wa ku Thekerani amene sanamuonepo.

"Amake Triza, sikelo ikudikira inu," anatero Mervin.

"Mwaitana a Zakeyu. Adikireni abwere adzakweze tiyi wawo."

Amayi amene anali pamzere anaseka poyesa nthabwala. Nanga ndani sankadziwa kuti a Zakeyu ndi atelala, amakhala pakhonde la golosale ku Makwasa kupalasa makina, ndipo dengu la tiyi sanaliberekepo chibadwire? Chiyambire, dzina limenelo likaitanidwa wodzuka anali Fainess. Koma tsiku limenelo Fainess anasenza dengu lake, nadutsa pafupi ndi thirakitala ya ku fakitale imene inali kulira kudikira katundu, nakwera chitunda kubwerera kumunda. Atafika anakhuthula masamba onse pansi pa mitengo yomwe anawathyolamo. Tiyi sagona, akapanda kukwera thirakitala tsiku lomwelo amapsa n'kufiira. Fainess ankadziwa bwino zimenezo, ndipo mtima unamuwawa kwambiri, koma sanatole ndi tsamba limodzi lomwe.

Nkhani inayambira kwa Triza, mwana wawo mmodzi yekha wamkazi. Anaphunzira unamwino, napeza ntchito ku Ulaya, nakwatiwa komweko. Tsopano anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo tsiku lake linkagwera m'nyengo ya chiperoni. Kubanja kwa a Mulepa, kwawo kwa Fainess, mwana wamkazi sachira mimba yoyamba mayi ake ali kutali. Amuthowe ndani ndi madzi otentha? Amumange ndani pamimba? Adikire naye ndani kuti mchombo wa khanda ugwe? Fainess anamuchitira zimenezo ndi amayi ake, ndipo iye sankaona chifukwa choti mwana wake achitiridwe ndi alendo ovala magolovesi.

Choncho anapita ku Lilongwe kukapempha viza. Kumeneko makina odindira zala anayamba amukana, chifukwa tiyi anadya mizere ya zala zake mpaka kusalala. Mtsikana wa pamakinapo anachita kumudzoza mafuta ndi kumukanikiza dzanja kuti zitheke. Fainess anabwerera kumudzi ali ndi chikhulupiriro, nayamba kufutsa masamba a nyemba oti akatenge.

Yankho linabwera lokana. Triza anamuwerengera pa foni. Akuluakulu a mavizawo ankati sakukhulupirira kuti mayiyu akapita adzabwerera kwawo. Iye ananena kuti ndi mlimi wa tiyi ndipo ali ndi munda wake, koma mapepala a malipiro a tiyi amene anapereka onse anali m'dzina la munthu wina. Kwa iwo, mayiyu analibe kanthu komukokera kumudzi.

Abale inu, munda umenewo! Mitengo yake anabzala ndi amayi ake a Fainess, panthaka ya agogo ake aakazi. A Zakeyu anachita kubwera pachikamwini, ndi sutikesi ya malata ndi makina osokera. Kungoti chaka chimene bungwe la alimi a tiyi linkalemba mayina, Fainess anali m'chikuta, Triza yemweyu ali ndi mchombo. Ntchembere ya m'chikuta siituluka kukaima pamzere ndi anthu, ndiye anatuma mwamuna wake kuti akalembetse munda. A Zakeyu atafunsidwa dzina, anatchula lawo. Panalibe amene anaona vuto, nanga tiyi ankagulidwa ndithu, ndipo mudzi wonse unkadziwa mwini munda. Chikuta cha Triza ndicho chinamulanda dzina, ndipo tsopano dzina lomwelo linali kumutsekera chikuta cha mwana wa Triza.

Fainess sanalire. Anangofunsa kuti munthu akakanidwa chonchi amakadandaula kuti, popeza mlandu uliwonse uli ndi bwalo lake. Triza anali atafufuza kale. Anati kudziko limene amakhalalo viza ya mlendo wongocheza ilibe apilo. Kuwapempha kuti aunikenso chigamulo chawo kumathandiza ngati olakwitsa ali iwo, koma apa iwo anangowerenga zimene zinali pamapepala. Kukawasumira kukhoti kudzera kwa loya n'kotheka, koma mlandu wotero ungadzathe mwana akukwawa. Njira yotsala inali yopempha kachiwiri, atakonza chimene anamukanira. Dzina la ku bungwe lisinthidwe, ndipo bungwelo lilembe kalata yonena zoona, kuti wolima ndi wokweza tiyi pamunda umenewo zaka zonsezi ndi Fainess Mulepa. Kuti zimenezo zitheke, wolembedwa kale anayenera kukavomera yekha pamaso pa komiti.

Fainess anaona kuti n'zapafupi. Anawauza a Zakeyu akumwa tiyi wa m'mawa ndi chinangwa, poganiza kuti angofunsa tsiku. Koma bamboyo anaika kapu pansi, nanena kuti dzina silithyola tiyi, ndipo zinthu zimene zakhala bwino zaka zonsezi sazigwedeza chifukwa cha mzungu amene sanapondepo Thyolo. Kenaka anaseka pang'ono n'kunena kuti ngati mapepala akuti munda ndi wawo, bwanji apite iwo ku Ulayako.

"Mukathowe ntchembere inu, abambo ake Triza? Mukaimange pamimba ndi tepi yanu yoyezera mathalauza?"

A Zakeyu anadzuka. Anatenga njinga n'kupita ku Makwasa. Mawa lake anakananso, mkuja wake chimodzimodzi, osapereka chifukwa chogwira mtima. Pamenepo m'pamene Fainess anakataya dengu lija.

Kuyambira tsiku limenelo sanalowenso m'munda ndi dengu. Inali nyengo ya dzinja, pamene tiyi amaphuka ngati akuthamangitsidwa. Minda ya anzake inali yosalala pamwamba ngati tebulo, koma wake unayamba kumera nsonga zazitali, masamba n'kumakhwima. Aliyense wodutsa ankaima n'kupukusa mutu. Amayi a ku tchalitchi anabwera kudzamuuza kuti banja ndi kupirira. Iye anawayalira mphasa, nawapatsa nthochi, nawauza kuti wapirira mokwanira kuyankha dzina la mwamuna ngati mwana wa sukulu woyankhira mnzake wojomba. Usiku ndi usana mtima unali pa Triza, ndipo akayang'ana munda ukuwonongeka ankalakalaka atatenga dengu. Koma akakumbukira mawu aja oti alibe kanthu, mkwiyo unkabwerera mwakale.

Mervin anamutsatira tsiku lina pa mjigo. Anayamba ndi kudandaula za tiyi, kenaka anatsitsa mawu. Anati ali ndi munthu wake ku Limbe wodziwa kukonza mapepala. Angathe kumupangira kalata yooneka bwino, ya chidindo, yonena kuti Fainess ndi kapitawo pa esiteti ina ndipo wapatsidwa tchuthi. Anthu ambiri anawoloka nazo zoterezo, ndipo a Zakeyu sangafunike n'komwe.

Triza anali atamuchenjeza kale kuti wogwidwa ndi pepala labodza amamutsekera khomo kwa zaka zambiri. Koma Fainess si zimenezo zinamukwiyitsa.

"Iwe Mervin, ndili ndi munda weniweni, wamanda a amayi anga m'mphepete. Ndikabwereke ukapitawo wabodza ngati ndine wosowa? Andikana chifukwa cha bodza limene ndinalilekerera, ndiye ndikawonjezepo lina?"

Mervin anati ankangofuna kuthandiza. Fainess anamuuza kuti ngati akufuna kuthandiza aphunzire kutchula Mulepa, chifukwa posachedwa aliitana.

Mbiri ya munda wosathyoledwa inafika ku Nchilamwela, kumene a Leonard, mlongo wake wa Fainess, anakwatira. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana awo, ndipo udindowo ankaukonda kuposa ntchito ina iliyonse. Anafika Loweruka masana pa njinga yamoto, atavala jekete ngakhale kunali kutentha. Anakhala pampando pakhonde, a Zakeyu pa mpando wina, Fainess pamphasa.

A Leonard sanazungulire. Anati akhala akuona kwa nthawi yaitali kuti alamu awo aiwala njira imene anadzera. Tambala salira kwa eni. Munda ndi wa mbumba ya a Mulepa, ndipo mkamwini wokakamira dzina pamunda wa eni ndiye kuti ali ndi maganizo ena. Ngati a Zakeyu sapita ku komiti mwaulemu, sutikesi yawo ya malata ija ikadalipo, ndipo msewu sunatsekedwe.

Fainess ankayembekeza kuti mwamuna wake akalipa. Koma a Zakeyu anangoyang'ana zikhatho zawo, kenaka analankhula motsitsa, osayang'ana a Leonard koma mkazi wawo.

"Mwamva, amake Triza? Izi akunena inu muli moyo, muli pompano."

Anapitiriza kufotokoza zimene Fainess ankazidziwa koma sanaziganizirepo mbali imeneyo. Iwo anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti. Abambo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ali mnyamata, nagwira ntchito m'tiyi wa azungu mpaka kufa. Maliro atangotha, nyumba inabwerera kwa eni ake, banja n'kubalalika. Akamwini ena akathamangitsidwa amapita kwawo, koma iwo kwawo n'kuti? Anakumbutsa za bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje, amene mkazi wake atamwalira anachoka ndi wailesi ndi mphasa, nyumba yomanga yekha n'kutsalira alamu ake. Pa dziko lonse lapansi, malo okhawo pamene dzina la Zakeyu Namakhwa linalembedwa pafupi ndi nthaka ndi ku bungwe kuja.

"Mukakafika uko, mwana n'kukukomerani, Triza n'kunena kuti amayi khalani, ine ndidzakhala ndani pano?"

Fainess anamva chifundo, inde, koma chimene chinayamba kufika pakamwa ndi mkwiyo. Anadzuka pamphasa.

"Nanunso? Azungu aja sandidziwa, ndiye akati sindibwerako ndingawamvetse. Koma inu, amene mwadya za m'manja mwangamu mpaka imvi, mukugwirizana nawo? Onani zala izi. Makina a ku Lilongwe anazikana, akuti zilibe mizere. Mizere yake ili m'munda umo. Ndingausiye ndipite kukakhala m'nyumba yapamwamba, kumayang'ana chisanu pawindo?"

A Leonard anagwedeza mutu mokondwa, nayamba kunena kuti n'zimene iwo amanena. Sanamalize. Mlongo wawo anawatembenukira ndi moto womwewo. Anawafunsa kuti denga la nyumba imene akhala pakhonde pakeyo anakhoma ndani, fizi ya Triza ya unamwino inachokera pa makina a ndani, ndiponso amayi awo akudwala matenda aja omaliza, ankawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala ndani, popeza mwini mbumba anali ku Nchilamwela kuweruza milandu ya nkhuku. Anawakumbutsanso kuti nawonso kumene akukhalako ndi akamwini, ndipo sutikesi yawo ndi ya pulasitiki, siingapirire ndi mvula yomwe.

"Achimwene, mbumba imene mumadzitama nayoyo ndine. Ndikuti bambo awa pamudzi pano sachoka, ndikhale moyo kaya ndife. Ndipo mukanena zimenezo ndi pakamwa panu, osati pakhonde pano pomva nkhuku zokha, koma pa shedi, anthu ali pamzere."

A Leonard anati zimenezo si mwambo wake, nkhani za banja sazitengera pa sikelo. Fainess anayankha kuti dzina lake linatayikira pamzere wa anthu, ndiye zonse zikakonzekere pomwepo. Mlongo wakeyo akapanda kubwera, iye adzauza Triza kuti amalume ake ndiwo anamutsekera mayi ake njira. A Leonard ankalandira kangachepe kuchokera kwa mwana wa mlongo wawoyo nthawi ya Khirisimasi, ndipo za mwambo zija anazisiyira pomwepo.

Kenaka Fainess anayang'ana mwamuna wake. Anawauza kuti mantha awo wawamva, koma dzina ndiye libwerera kwa mwini wake, asayese kuti wafewa. Lolemba akathyola tiyi. Akafika naye pa shedi ndipo a Zakeyu kulibe, akamutayanso, ndipo azidzatero mpaka munda usanduke nkhalango.

A Zakeyu anadzuka n'kulowa m'nyumba. Lamulungu lonse anakhala pa makina awo kuseri kwa nyumba, ngakhale kuti sankasoka tsiku la Mulungu.

Lolemba kunacha ndi kamvula kowaza. Fainess analowa m'munda, nasankha nsonga zanthete pakati pa masamba okhwima aja, ntchito yowawa ngati kutola mpunga mumchenga. Pofika pa shedi dengu linali losadzaza. A Zakeyu anali atachoka pakhomo m'mamawa ndi njinga, osatsanzika. A Leonard ndiye analipo, ataima pambali ndi jekete lawo ngati munthu wodikira jakisoni. Wapampando wa komiti ya alimi analiponso, chifukwa Fainess anali atamutumira uthenga.

Mzere unayenda. Mervin atafika pa dzina lija anayang'ana Fainess, naitana motsitsa. Dengu silinasunthe. Fainess anawerama kuti asenze katundu wake abwerere naye kumunda, ndipo pamenepo mtima unamugwa ndithu, poganiza kuti Triza achira yekha pakati pa alendo.

"Ndilipo."

Anali a Zakeyu, akutsika panjinga kuseri kwa thirakitala, thalauza litanyowa mpaka m'mawondo. Anayenda mpaka pa sikelo, navula chipewa. Anauza wapampando kuti dzina limene lakhala likuitanidwa pamenepo ndi la munthu amene sadziwa ndi kuthyola komwe, ndipo iwo abwera kudzalichotsa. Mwini munda ndi Fainess Mulepa, mwana wa malemu amene anabzala mitengoyo, ndipo komiti ilembe zimenezo m'kalata imene mayiyu akufuna.

Fainess anayang'ana mlongo wake. A Leonard anakhosomola, nayang'ana kumwamba, nayang'ana nsapato zawo, koma maso a mlongo wawo sanawachoke. Mapeto ake analankhula, ndipo poti anali munthu wokonda gulu, atangoyamba anakometsa. Anati iwo monga mwini mbumba ya a Mulepa akunena pamaso pa onse kuti a Namakhwa si mlendonso, nyumba ndi yawo mpaka imfa, ndipo wodzawaloza msewu adzayambe waonana ndi iwo. Mayi wina kumbuyo anati amva onse, ndipo adzawakumbutsa akadzaiwala. Anthu anaseka, a Leonard nawo n'kuseka mokakamiza.

Mervin anakonza pakhosi. "Fainess Mulepa."

Fainess anachedwa pang'ono, nanga dzina limenelo anali atasiya kulimva pagulu chichokere kusukulu. Kenaka anakweza dengu lake pa sikelo. Linali tiyi wochepa kuposa masiku onse, koma anaima mowongoka mpaka Mervin atamaliza kulemba.

Kalata ya bungwe inatuluka sabata yomweyo. Triza anaimba foni kuti akonze pempho latsopano, nachenjeza amayi ake kuti ngakhale atakonza zonse, anthu aja angathe kukananso. Fainess anati akakana adzapitanso, khote khote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Akadzachedwa chikuta adzafika pometa mwana tsitsi, akadzachedwa pamenepo adzafika pomera mano, koma mdzukulu wakeyo adzamubereka kumsana. Triza anafunsa kuti pa funso la zimene zidzawabwezere kumudzi alembe munda wokha kapena pali china.

Fainess anayang'ana pakhonde, pamene a Zakeyu ankapinda tizovala ta khanda timene anasoka Lamulungu lija, n'kumatilongedza m'sutikesi yawo ya malata, yomwe anaipukuta kuti mkazi wawo ayende nayo.

"Lemba munda," anatero. "Ulembenso kuti ndasiya mwamuna wopanda kwawo. Kwawo ndine."

Tsiku lopita ku Lilongwe kukadindanso zala, Fainess anatsika chitunda m'mawa kukakwera minibasi. Atafika pokhota anacheuka. Pakati pa munda panali a Zakeyu, dengu lili kumsana mopendekeka, akuthyola tsamba limodzilimodzi ngati akutunga ulusi pa singano. Amayi a munda woyandikana anali atayamba kale kuwaseka kuti akuthyola ndi mitengo yomwe. Fainess anafuna kubwerera kuti akawaonetse kagwiridwe kake, koma minibasi inaliza hutala kumsewu. Anakumbatira chikwama cha mapepala pachifuwa, nathamangira kumeneko.